Manja Awiri a Ida

Lolemba, 3 Juni 2024
Kuchipatala ku Boma ndi mwana wanga Ida, pa njinga yanga ya kabaza. Zaka zinayi, dzanja lamanja likadali chifumbatire. A Makina, a mafizo, akuti ubongo unavulala pobadwa, koma dzanja limaphunzira. Mankhwala ake: sokosi. Tizimuveka kudzanja lamanzere, labwinolo, maola awiri patsiku, kuti lofookalo ligwire ntchito. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Lachinayi, 6 Juni
Kulira kokhakokha. Chitsononkho akuchikankha, osachigwira. Rozaria, mkazi wanga, wathawira kudimba. Ine mtima kuwawa, koma sokosi sindinavule.

Lamlungu, 9 Juni
Alendo akutchalitchi. Amupatsa Ida nthochi, iye kulandira ndi lamanzere lokha. Wina chapansipansi: "Mwana wopanda mwambo." Ida wamva. Wabisa dzanja m'diresi mpaka alendo atapita. Zimenezi sindifuna akule nazo.

Lachitatu, 19 Juni
Ndiye chifukwa chake sitikusuntha. Ndikangopita kukabaza, apongozi amavula sokosi n'kumudyetsa okha phala. Uthenga wadzera mwa Rozaria: "Dzanja limodzi lomwe Mulungu anamusiyira, iwo akulimanga ngati mbuzi." Ndiwayankhe bwanji? Mudzi ndi wawo. Mkamwini asamakule mwendo.

Lachisanu, 21 Juni
Sindinakangane nawo. Rozaria wawanyengerera, ine ndawakweza panjinga mpaka kwa a Makina, Ida kumsana kwawo. Mkamwini kupalasa apongozi, anzanga a kabaza aseka mpaka misozi. Njira yonse osalankhulana. Apongozi atuluka m'chipinda cha a Makina sokosi lili m'manja mwawo.

Lachiwiri, 16 Julayi
Tsopano apongozi ndiwo sajeni, akhwimitsa kuposa ine. Zitsononkho, zivindikiro za mabotolo, makoko a nandolo. Amaimba, iye kumatola. Chala chachikulu chayamba kutuluka. Supuni ikugwabe. Masiku ena ndimatopa, kubisa ayi.

Loweruka, 10 Ogasiti
Ndabwera masana ndi zitumbuwa. Sokosi lili pachingwe, lochapa. Ndamupatsira Ida chimodzi osaganiza kanthu. Lamanzere labwera msanga, kenako laima, kudikira linzake. Lamanja lakwera pang'onopang'ono, likunjenjemera, n'kutseguka. Osati lonse, zala zitatu. Koma walandira ndi manja awiri.

Zaka zisanu ndi chimodzi pamudzi pano, apongozi sanandilankhulepo maso ndi maso. Lero, ali pamkeka, andiyang'ana: "Bambo ake a Ida, tamupatsaninso china, ndionenso."