Kalata Yanga M'nyuzi ya Ababa

Loweruka, 14 Julaye 2007

Lero mtima sukukhazikika. Kalata yanga yodandaula za zinyalala za pamsika wa Kawale yatuluka m'nyuzi, koma ndinasayina dzina labodza. Ababa anaiwerenga mokweza pakhonde, nkhope atakwinya.

"Mwana wosaleredwa uyu! Za khonsolo timakadandaula kwa amfumu, osati kuyalutsa dziko azungu a m'maembase akuwerenga. Manyuziwa adzatigulitsa."

Ine ndinangoti, "Zoonadi, Ababa," n'kuwawonjezera tiyi.

Kenako anandipatsa bolopeni yawo yakuntchito. "Iwe Chizungu umachitha. Umuyankhe ameneyu, ndisayina ine."

Anandiyang'ana monyadira, ndipo n'zimene zikundiwawa. Ndalemba kale mizere itatu yodzidzudzula ndekha, ndipo ikumveka bwino kuposa kalata yoyamba ija. Kaya mawa ndingowauza kuti mwana wosaleredwayo anamulera ndi iwo...