Mwana Amene Ndinamusiya pa Bwalo la Ndege

Woodridge, Logan
19 Novembala

Okondedwa achimwene Lameko,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Alaska kumeneko, ndipo kuzizira mumadandaula kuja sikunakuloweni m'mafupa. Ife kuno ku Australia tadzuka. Kutentha kwayamba, ndipo alamu anu a Uelese akupitabe kuntchito kwawo kophera ng'ombe kuja. Ine ndabwerako kumudzi sabata yathayi. Amayi ndinawasiya akulimba mtima. Ababa tinawagoneka kutsogolo kwa nyumba, pambali pa agogo, monga momwe ankafunira, ndipo dzina lanu linatchulidwa pamaliro ngati kuti munalipo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Tsiku lija munandiyamikira, munati ndinalimba mtima kupita ndi mapasa anga kuti Ababa akawadalitse asanatisiye. Ine ndinangoti eya, eya, kenaka n'kunamizira netiweki. Mawu anu aja akundiwotcha mpaka lero. Amayi anakuuzani zoona kuti Ababa anadalitsa ana onse awiri, koma sanakuuzeni mmene zinayendera, chifukwa Amayi ndi munthu wofunditsa mwana wake nsalu akavulidwa pagulu. Tsopano wamkulu pabanja pathu ndinu, ndiye mumve kwa ine mwini.

Amayi atandiimbira kuti shuga uja wawagoneka Ababa, ndipo tsiku lililonse akungofunsa za mapasa anga Elia ndi Sefo, ndinaganiza zonyamuka Sabata la Ana, Lamulungu lija ana amavala zoyera n'kutsogolera mapemphero, lisanafike. A Uelese kuntchito anawakaniza tchuthi. Apongozi anga, a Makerita, atamva anandiyitana kukhitchini.

"Fuatino, ana awiri amafuna anthu awiri. Ndipite nawe. Tikiti ndigula ndekha."

"Musavutike amayi, ndikwanitsa," ndinatero ine. "Nyengo ino matikiti akwera mtengo."

Achimwene, nkhani sinali mtengo. Chibadwire anawa apongozi akhala m'nyumba mwathu, ndipo kwa ine zinkaoneka ngati chilichonse ndingagwire n'cholakwika: madzi osambitsira atentha, thewera lathina, phala lalimba. Ndinkafuna kukatsika ndege ndekha, mwana uku mwana uku, kuti kumudzi kwathu ku Falealili akaone kuti Fuatino anakula.

Inu mulibe ana, mwina simukudziwa. Mwana wosakwana zaka ziwiri sagulirwa mpando m'ndege. Amakhala pamiyendo pa mayi ake, n'kumulipirira kangachepe. Ndinagula tikiti yanga pa foni, n'kulembapo Elia, zinatheka. Nditati ndilembe Sefo, foni inakana. Ndinabwereza, inakananso, n'kutulutsa mawu ofiira. Mawuwo ndinawawerenga, sindinama kuti sindinawaone. Koma mnzanga wina wa kukwaya anati, "Aaa, makina amenewo ngopusa. Ukangofika pabwalo akamulemba pompo. Tiana ngati iti ndani angatibweze?" Ndinamvera iyeyo chifukwa ananena zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Tsiku la ulendo apongozi anatiperekeza pagalimoto mpaka kubwalo la ndege ku Brisbane. Mzere unali wa anthu akwathu okhaokha, aliyense ndi makatoni a zovala zoyera za ana. Nditafika kutsogolo ndinapereka mapasipoti atatu. Mayi wa patebulo paja anayang'ana pakompyuta, anayang'ana ana, n'kuyang'ana ine.

"Wachiwiriyu anyamula ndani?"

"Ine ndemwe. Miyendo ndili nayo iwiri."

Ndinkayesa aseka, koma sanaseke. Anandifotokozera mofatsa kuti lamulo ndi wamkulu mmodzi, khanda limodzi. Anati ndege ikagwedezeka manja awiri sangagwire ana awiri, ndiponso zopumira mpweya zotsika kudenga zija n'zowerengeka. Winayo ndimugulire mpando wakewake, ndikhalenso ndi kampando kovomerezeka komumangirirapo. Koma ndegeyo inali yodzaza thothotho, ndipo malo anali oti apezeka Sabata la Ana litadutsa.

Ndinatembenukira kumzere n'kuyamba kupempha, ine wa matama uja. Mayi wina wachikulire anatambasula manja, nati, "Bwera naye, ndanyamulapo zidzukulu zambirimbiri." Koma wa patebulo uja anapukusa mutu, anati chiwerengero cha makanda ololedwa m'ndegemo chakwana kale. Sefo anayamba kulira. Kumbuyo bambo wina anakuwa, "Mayi, tipatseni mpata tidutse! Ndege sidikira mapasa!" Ena anaseka, ena anamukalipira.

Nthawi yonseyi apongozi anali ataima pambali panga. Sanati ndinakuuza. Akananditukwana bwenzi zili bwinoko. Anangoti, "Bambo ako sadikira. Pita ndi mmodzi. Winayo ndisunga ine."

Mayi wa patebulo uja anati, "Amene walembedwa ndi Elia, koma dzina ndikhoza kusintha pompano. Mupita ndi uti?"

Anawa munangowaona pazithunzi, ndipo zithunzi zimene ndimakutumizirani ndimachita kusankha. Elia ndi wonenepa, wosalala, amasekera aliyense, botolo amalandira kwa wina aliyense. Sefo anabadwa wochepa, ndi wolira, ndipo masaya ake anali ofiira ndi ziwengo, okhakhala, nthawi zina mpaka kutuluka timadzi. Botolo ankalikana. Osayamwa, Sefo sankagona. Munthu aliyense wa nzeru akanadziwa woyenera kupita ndi mayi ake. Apongozi nawo ananena, chapansipansi kuti ena asamve.

"Tenga Sefo. Elia sandivuta."

Ine ndinayang'ana masaya aja, ndipo m'maso mwanga munabwera azakhali athu atakhala pamikeka, akupatsirana mwanayo, akufunsana kuti kodi ku Australia kumeneko amamudyetsa chiyani. Ndinati, "Zisiyeni mmene zalembedwera, tingachedwetse anthu." Ndinamupsompsona Sefo pamutu, n'kumupereka. Pamene ndinkalowa pachipata kulira kwake ndinkakumvabe, koma sindinacheuke.

M'ndege Elia anagona ulendo wonse. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana wofatsa. Ine mabere anadzaza mpaka kunyowetsa malaya, ndipo ndinkadziwa kuti mkaka umenewo mwini wake akuulirira kumbuyo.

Titatsika pabwalo la ndege ku Faleolo Amayi anandikumbatira, kenaka anasuzumira kumbuyo kwanga. "Winayo ali kuti?" Ndinawauza za lamulo lija tili m'galimoto. Nditamaliza anati, "Bambo ako akudziwa kuti kukubwera awiri."

Ababa mukanawaona, achimwene. Munthu uja ankasenza mkoko wa nthochi phewa lililonse anali atatsala mafupa, maso atafiratu. Koma liwu linali lomwe lija. Ndinawayika Elia m'manja. Anamupapasa mutu, mapewa, timapazi, Elia n'kuwakoka khutu, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Anamupempherera pemphero lalitali. Atatha anatambasulanso manja.

"Nanga mnzake?"

Pamenepo ndi pamene ndikananena. Koma manja aja ali chitambasulire, pakamwa panga panatuluka zina. "Wagona, Ababa. Ulendo wamutopetsa. Mawa."

Amayi anadzuka n'kutuluka panja.

M'mawa mwake titatha mapemphero Ababa anati, "Tino, ndibweretsere Sefo wanga." Ndinapita kuseri. Ndinamuvula Elia zimene anavala, n'kumuveka malaya a Sefo amene anali m'chikwama, chifukwa zovala ndinalongedza za awiri. Ndinamuveka kachipewa, n'kumudzoza mafuta ena kuti fungo lisiyane. Ndinachita zimenezi ine mlongo wanu, mayi wa ana, woimba kwaya. Ndinakagwada pambali pa bambo anga osaona n'kunena kuti, "Uyu ndi Sefo."

Anamulandira, n'kumukweza pang'ono ngati akumuyeza. Anamusisita masaya ndi chala chachikulu, tsaya ili, tsaya ilo. Elia anaseka n'kuwakoka khutu. Ababa sanapemphere. Anangowauza Amayi kuti akawapangire tiyi. Amayi atachoka anafunsa motsitsa mawu.

"Wamusiya ndi ndani?"

Anamusisitanso mwanayo tsaya, n'kupitiriza.

"Maso ndiwo anafa, mwana wanga, manja ayi. Amayi ako amandiuza kuti Sefo ndi wopepuka, wa masaya okhakhala, wovuta ngati iwe uli khanda. Aka ndi kankhumba konona komwe kanandikoka khutu dzulo. Chachilendo ndi chipewa chokha."

Ndinagwetsa nkhope pamkeka n'kulira. Ndinawauza za apongozi amene ndinawakana, za mawu ofiira aja, za mzere wa anthu. Anamvetsera osandidula. Sanakalipe, ndipo inu mukudziwa kuti Ababa kukalipa ankakutha. Anangofunsa funso limodzi.

"Anasankha woti atsale ndani?"

"A ndege," ndinatero. "Anati wolembedwa ndi amene apite."

Anagwedeza mutu, n'kukhulupirira. Bodza loyamba analigwira ndi manja awo, koma lachiwirili analilandira, ndipo apita nalo kumanda.

Anati ndiimbe foni kwa apongozi. Atangoyankha, chinayamba kumveka ndi kulira kwa Sefo. Ndinafuna kudula kuti tiimbenso akatonthola, koma Ababa anakana. Anayika foni pakhutu n'kumvetsera nthawi yaitali, akumwetulira. "Liwu la kwathu ili," anatero. "Ameneyu adzayambitsa nyimbo m'tchalitchi." Anamupempherera mwanayo akulira chomwecho, pemphero lalitali kuposa la Elia. Kenaka anapempha kulankhula ndi apongozi, ndipo anawathokoza ndi mawu aulemu aja amalankhulira mafumu pabwalo. Anati, "Mayi, mwatisungira mwana amene ife eni ake manja atiperewera." Ndinamva apongozi akuyankha kuti, "Ndi wathu tonse, bambo. Tino ndi mayi wabwino, ana awiri ndi ntchito." Anandiikira kumbuyo, achimwene, chonsecho anali pomwepo pamene ndinkasankha.

Atadula foni Ababa anandiuza kuti, "Pa Khirisimasi ubwere naye, ndidzamugwire masayawo." Sabata la Ana tinawanyamula pampando mpaka kutchalitchi, anamvera ana akulakatula mavesi. Lachinayi lake m'mamawa anatisiya.

Ndinapita ndikuti ndikakhala sabata imodzi, koma ndi maliro ndi miyambo yake ndinatha mwezi. Pa foni apongozi ankangoti zonse zili bwino. Nditabwera kuno ndi pamene a Uelese anandiuza kuti masiku oyambirira Sefo anakana botolo mpaka kusasa mawu, moti apongozi ankachita kumumwetsa mkaka ndi kasupuni, dontho ndi dontho, atamufukata. Kuchipatala anapita naye okha pabasi. Masaya aja anawapezera mankhwala, ndipo pano ayamba kusalala.

Nditalowa m'nyumba ndinatula Elia n'kuthamangira kwa Sefo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuyesa kukumbuka kumene anandiona, kenaka anatembenuka n'kubisa nkhope pakhosi pa agogo ake. Ndinayesa kumuyamwitsa, anakana. Apongozi anati, "Usamukakamize. Abwera yekha."

Madzulo ake ndinakakhala pansi patsogolo pawo kukhitchini, ndinawerama, n'kuwapepesa. Ndinawauzanso chifukwa chenicheni chimene ndinasiyira Sefo. Anati, "Ndinaona mmene unamuyang'anira." Basi. Kenaka anati, "Dzuka apo, ukutseka njira, mpunga ukupserera." Madzi osambitsira ana amanenabe kuti atentha, ndipo ndayesa ndi chigongono, amakhala atatenthadi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, chaka chamawa tikamakavundukula mwala wa pamanda a Ababa anawa adzakhala asanakwane zaka ziwiri, ndiye ndawapempha apongozi kuti tidzapitire limodzi, ndipo avomera. Inu ngati mutu wa banja mudzawalandire ndi ulemu wonse wa kwathu, ndi mkeka wabwino, pamaso pa mudzi. Chachiwiri, za kusankha kuja Amayi sakudziwa. Ndidzawauza ndekha maso ndi maso, musanditsogolere. Ndipo chonde musadzandiyamikirenso pa nkhani ya ulendo umenewu. Mukafuna kundikalipira imbani, netiweki ikhala bwino.

Muzivala zofunda, ndipo muzidya, pachithunzi chija mwaonda. A Uelese akupereka moni, akuti nsomba zanuzo muzitumizako. Apongozi akuti Mulungu akutonthozeni. Elia wayamba kukwawa, akukoka chilichonse. Sefo ali apa pamkeka, watsamira mwendo wa agogo ake, akundiyang'ana ndikulemba. Ndamutambasulira dzanja kuti nayenso apereke moni kwa amalume ake. Dzanjalo waliyang'ana, sanalire, koma sanabwere.

Ndine mlongo wanu,
Fuatino