Zala Zinayi pa Phewa la Benedicta

Lolemba, 9 Okutobala 1972

Makasitomala awiri basi. Onse ofuna kuima chilili, manja m'mbali, nkhope ngati amwa kwinini. Zimanditopetsa. Chithunzi chenicheni ndi chija umajambula mwini wake asakudziwa.

Monga chili pakhoma mu shopu munomu. Malemu mkazi wanga Benedicta pa msika wa pa Boma, chaka chatha asanadwale. Ndinabisala kuseri kwa matumba a mtedza. Iye kumanzere, akuseka mpaka maso kutsinzina. Kumanja mlongo wake Cyprian, akumuuza nkhani zake zosatha zija. Palibe akuyang'ana kamera. Chithunzi cha mkazi wanga ndi chokhachi. Ndajambula Mchinji yense, wanga kamodzi. Woumba mbiya amadyera m'phale ndithu.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Cyprian wathawira ku Zambia pamodzi ndi a Mboni za Yehova anzake, okana kugula makadi a chipani. Nyumba yake ku Mkanda anyamata a chipani ayitentha. Ndinamuuza ine: gula khadi la chipani, uike m'thumba, Mulungu sapisa m'matumba mwa anthu. Anangoti, "Alamu, inu zijambulani zithunzi." Makani! Ndakwiya naye, komanso ndikumuopera.

Lachinayi, 12 Okutobala

A Greyson, atelala a khomo loyandikana nane, anasuzumira m'mawa. "A Vitus, uyo pakhomapo mumutsitse. Anyamata a chipani akulowa m'mashopu. Akakufunsani kuti ndi ndani wanu, muti chiyani?"

Ndatsitsa. Masana onse ndakhala ndikuphimba chithunzicho ndi makatoni awiri, kusuntha uku ndi uku, kufuna malo odula. Palibe pabwino. Ndikamuchotsa yense Cyprian, Benedicta akuseka yekha, maso ku mphepete kopanda kanthu, ngati mutu sukugwira. Munthu woseka amafuna mpata kutsogolo kwake, kuti woona adziwe kuti kuli chomuseketsa. Ndikasiya mpatawo, khutu la Cyprian likulowa, ndi chipewa chake chija aliyense pa Boma amachidziwa. Ndayesa kudula chogona, ndayesa choimirira, ndayesa nkhope yokha. Nkhope yokha ikuoneka ngati ya pa chiphaso. Si Benedicta wanga ameneyo.

Lachisanu, 13 Okutobala

A Greyson akuti anyamata aja akufuna kuona manegetivu anga, timafilimu totsukira zithunzi tija, kuti adziwe nkhope za a Mboni onse amene anajambulitsa kuno. Kudula pepala lokha sikuthandizanso. Mantha andigwira.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndadula negetivu ndi lumo. Zaka khumi ndi zitatu pa ntchito imeneyi, sindinachitepo zimenezi. Pepala ukalakwitsa umatsukanso lina, koma negetivu ikapita yapita. Mbali ya Cyprian ndaitentha pamodzi ndi chithunzi cha pakhoma chija. Kanthu kochepa ngati chikhadabo, kananunkha nyumba yonse.

Ndatsuka chatsopano kuchokera ku theka lotsala. Chatuluka chachitali, chopyapyala. Chikutuluka m'mankhwala muja ndinaona zomwe pa negetivu sizimaoneka: zala zinayi pa phewa la Benedicta. Anali atamugwira. Dzanja lopanda mwini. Lolemba ndidulenso, phewa lichoke.

Lamulungu, 15 Okutobala

Ku tchalitchi sindinapite. Anyamata aja sanabwere n'komwe.

Lolemba, 16 Okutobala

Apongozi, amake Benedicta, afika kuchokera ku Mkanda, fumbi mpaka m'mawondo. Sanalowe. Anakhala pakhonde atandipatsa msana, ine ndinanjuta chapatali monga mwa nthawi zonse. Analankhula akuyang'ana msewu.

"Bambo, uthenga wabwera ndi oyendetsa lole. Cyprian watisiya. Ku msasa wa othawa kuja madzi ngoipa, wangodwala masiku atatu. Amuika konko. Ine manda sindidzawaona."

Anapitiriza osacheuka.

"Ndimati chithunzi chija, ali awiri. Mungonditsukirako chimodzi. Ndikachibisa m'denga, palibe adzachione."

Ndinaganiza zonama kuti filimu inaonongeka ndi chinyezi. Sindinathe. Ndinanena zonse, lumo, moto, mantha anga. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Ndinalowa, ndinatenga chithunzi chatheka chija n'kuchiika pansi pambali pawo, kenaka ndinabwerera pamalo panga.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona chala chawo chikudutsa pa nkhope ya Benedicta osaima, mpaka pa phewa paja.

"Chala chopindikachi Cyprian anathyoka ali mwana, atagwa mu mtengo wa mango. Ndi iyeyu." Analoza zala zija. "Makina anu aja amakulitsa zinthu, eti? Mungakulitse apa pokha?"

Ndinawauza kuti zidzatuluka mbuu, madontho okhaokha, sichidzaoneka ngati chithunzi.

"Kulitsani, bambo. Ndidikira."

Ndakweza makina mpaka pomwe amathera. Pepala lonse zala zinayi ndi kansalu ka diresi. Ndayesa katatu kuti chala chopindikacho chikhale pakati. Panopa pepalalo lili pa chingwe, likudontha. Ndikulemba izi podikira kuti liume. Iwo akadali pakhonde, sanasunthe.