Makasu Omwewo

Bangwe, Limbe
17 Okutobala 2004

Okondedwa achimwene a Makina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu anga a Belita. Kodi bondo lija layamba kukulolani kupalasa njinga, kapena mukukokabe mwendo monga ndinakusiyirani pa Isitala? Nanga amayi ali bwanji ndi chifuwa chawo, poti fumbi la mwezi uno silimvera chisoni nkhalamba? Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula.

Ntchito ikadalipo ku shedi ya nandolo ku Limbe. Timakhala pansi tsiku lonse ndi malichero, kuchotsa timiyala ndi nandolo wofumbwa. Matumba ambiri akuchokera kwathu komweko, moti nthawi zina ndimaseka ndekha kuti ndinathawa nandolo ku Michesi, iye n'kunditsatira m'tauni. Akapitawo anena kale kuti palibe wopita kutchuthi mpaka katundu yense atatuluka, ndiye kuti mu Febuluwale. Wochoka, malo ake amapatsa wina tsiku lomwelo, chifukwa pageti sipasowa anthu odikira. Mawu amenewa muwasunge, ndibwererako.

Dzulo ndinakumana ndi a Anifa, akazi awo a Wahabu a pagolosale, atabwera kudzapikula zitenje. Iwo ndi amene andiuza za kumudzi. Akuti munaitanitsa msonkhano wokonza mlatho wa pa Namalowe, n'kubwera anthu anayi okha, wachisanu anali woledzera amene ankayesa kuti kukugawidwa malaya a chipani. Akuti ena anakuyankhirani panjira kuti thangata inatha, ino ndi demokalase, amene tinamuvotera abwere adzamange yekha. Akutinso munabwerera kunyumba mutu uli pansi, n'kunena kuti za komiti ya chitukuko mwasamba m'manja, ndipo chiphaso chanu chovotera munapatsa ana kuti aziseweretsa.

Achimwene, nkhani imeneyi yandipweteka mtima, koma sindikukudzudzulani. Munthu amatopa. Katatu konse chiyambire matipate anthu abwera ndi magalimoto a zimkuzamawu, n'kuima pamtsinje womwewo kulonjeza mlatho wa simenti. Nsalu zimene anagawa zinang'ambika kalekale, koma powolokera ndi mitengo iwiri yomwe ija, wina wothyoka pakati. Ngakhale aja anakuyankhani mwachipongwe sindikuwada. Agogo athu anagwira thangata m'minda ya azungu mpaka misana kupindika, osalandira kanthu. Ifenso nthawi ya chipani chimodzi tinalambula misewu wina ataima pambali ndi ndodo. Munthu wotere ukamuuza kuti tiyeni tikagwire ntchito ya tonse, khutu lake limamva chikwapu. Ndiululenso kuti nane mu Meyi muja sindinavote. Ndinachapa zovala tsiku lonse, ndikuti akavote okhuta.

Koma ndikuuzeni zimene zachitika kuno ku Bangwe. Kuseri kwa nyumba zathu kuli ngalande imene chaka ndi chaka imasefukira n'kutilowetsera zonyansa m'nyumba. Takhala tikungotukwana akuluakulu amene ngakhale nkhope zawo sitizidziwa. Kenaka aphunzitsi ena ochokera kumpoto, timawatcha amake Chiukepo, anayamba kuyenda m'makomo. Atafika kwa ine ndinawauza kuti za ndale ine ayi. Iwo anaseka, n'kundifunsa ngati madzi aja polowa m'nyumba mwanga anayamba andifunsa chipani. Ndinangowapatsa mpando.

Chimene ndinaona n'chakuti mayi ameneyu sanaitanitse msonkhano wa chigulu. Anapita kwa ife amayi amene timaphika pamaliro, poti gulu limenelo lilipo kale, lili ndi mtsogoleri wake, ndipo aliyense amadziwa mphika wake. Kuchokera pamenepo nyumba khumi zilizonse zinasankha munthu mmodzi, khomo lililonse n'kupatsidwa ndime yake yokumba. Masabata atatu, Loweruka lokhalokha, ngalande inatheka. Kenaka tinapita ku ofesi ya khonsolo ya mzinda anthu khumi ndi awiri ndi kalata imodzi, ndipo aja ankatiuza kuti bwerani mawa anatipatsa pokhala. Mapaipi a simenti abwera awiri mwa asanu amene tinapempha, komabe abwera. Ine amene ndinkati za ndale ayi, pano ndikuyang'anira nyumba khumi. Mukanandiona ndikuloza amuna a eni pokumba, mukanaseka mpaka kuiwala bondo.

Ndiye ndakhala ndikuganiza za inu. Chiyambire chaka cha Napolo, pamene munakumba manda masiku anayi osapumula, ndinu mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu. Uthenga wa maliro ukangomveka, dzuwa lisanatuluke amuna makumi awiri amakhala ali kumanda ndi makasu, mapiki ndi nkhwangwa. Palibe amawalipira. Palibe amafunsa kuti malemuyo anali wa chipani chanji. Wojomba mumadziwa mmene mumamuchitira, ndipo sajombanso kachiwiri. Sindinamvepo ndi tsiku limodzi lomwe munthu akunena kuti kukumba manda ndi thangata. Tsono mukamati anthu a kwathu safuna kutsogoleredwa, ine ndikukana, chifukwa inuyo mumawatsogolera mwezi ndi mwezi. Vuto lathu n'lakuti timagwirizana munthu atapita kale.

Mukukumbuka malemu bambo ankakonda kunena kuti kuthangata ndi mawu athu abwinobwino, kuthandizana basi, eni minda aja ndi amene anawadetsa? Mpaka lero kutchalitchi timapempha kuti Ambuye atithangate, ndipo palibe amatuluka kuthawa.

Pempho langa ndi limodzi. Mwana wanga Violet ali ndi pakati poyamba, monga mukudziwa. Anamwino anamuuza kuti masiku ake ndi m'kati mwa Januwale, ndipo anamuchenjeza kuti asayerekeze kuchirira kunyumba chifukwa ndi wochepa thupi. Chipatala chili tsidya lina la Namalowe. Inu mukuudziwa mtsinje umenewo kuposa ine, mmene umachitira mvula ikagwa m'phiri. Kumudzi kumakhala kuli dzuwa, madzi n'kungotulukira ndi miyala. Ndikudziwa kuti angathe kupita msanga kukadikirira kuchipatala, koma mwana woyamba sawerenga kalendala, ndipo omuperekera chakudya adzawolokera pati? Ine sindidzakhalapo, chifukwa cha ntchito ndanena ija, ndipo ndikaisiya ndiye kuti tonse tagwira njakata. Ndili ndi mantha, achimwene. Mwamuna wake Sitima ndi wolimbikira, koma ndi mkamwini, sangakweze mawu pamudzi pa eni. Mwini mbumba ndinu.

Sindikupempha mlatho wa simenti. Umenewo tidzakaufunsa ku boma tili gulu, kalata ili m'manja, n'chifukwa chake chiphaso chija mukachilande kwa ana chisanang'ambike. Pano ndikupempha mitengo inayi yolimba ndi matabwa pamwamba, poti machira kapena njinga zithe kudutsa. Bulugama amene bambo anadzala m'malire mwa munda wanga dulani yense amene akufunika, musachite kundifunsanso.

Musaitanitsenso msonkhano wa pabwalo. Pamaliro otsatira, mukamaliza kukwirira, adzukulu atakhala pamthunzi kudikira chakudya, muwauze pomwepo, poti pamenepo ndi pamene amakumverani. Muwagawire ntchito monga mumachitira kumanda, awa odula, awa onyamula, awa okumba maenje m'mbali mwa mtsinje. Alamu anga ayankhule ndi amayi ophika kuti tsikulo pasakhale wogwira ntchito ndi njala. Amfumu muwadziwitse mwaulemu, sindikuona chimene angakanire.

Wina akatchulanso thangata, musakangane naye. Mungomuuza kuti Rozaria, mwana wa m'mudzi momwemo, akuti akudziwa kuti Namalowe akadzatenga Violet mudzabwera nonse m'mamawa, osaitanidwa kawiri, makasu ali paphewa, ndipo mudzamukumbira bwino mwana wake. Akupempha makasu omwewo ndi tsiku limodzi lomwelo, kungoti mubwere mwanayo akadali moyo.

A Anifa abwerera mawa, ndipo ndi amene atenge kalatayi. Ndawapatsiranso kajumbo. Muli shuga wa amayi, mafuta opaka bondo lanu, ndi misomali ikuluikulu makilogalamu awiri. Inu adzukulu mwakhomera mabokosi ambiri. Iyi yokha mukhomere mlatho.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti azifunda m'mawa. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali a ku Jenala mukawaona pamsika, ndiponso kwa apongozi anga a Sitima. Violet mumuuze kuti amake akumukumbuka tsiku lililonse ndipo asamanyamule ndowa yodzaza. Kalatayi yokha musamuwerengere.

Ndidikira kumva kwa inu mvula isanagwe. Ambuye akuthangateni.

Ndine mlongo wanu,
Rozaria