Abambo Anasankha ya Magemu

14 Okotobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi mapasa athu. Kuno tilipo, tikudzuka. Alamu anu chimfine chija chinawasiya, saluni yanga ikuyenda mwapang'onopang'ono, ndipo denga la kukhitchini lija tinalikonzetsa mvula isanatipeze.

Musadabwe kuti ndagwira cholembera ngati mwana wa sukulu. Pa foni sindingathe. Mukaimba, Abambo amakhala pambali panga khutu lili tcheru, ndipo inu simuchedwa kunena kuti, "Ndikuimbiranso, abwana akundifuna." Nkhani iyi ndi yofuna kukhala pansi. Ndiye khalani pansi.

TV ija tinagula, koma si imene munatiuza. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kupukusa mutu n'kumati, "Wailesi wayambanso zake," paja dzinali munandipatsa ndinu chifukwa cha pakamwa pangapa. Lezani mtima, mumve kaye mutu wake.

Munatitumizira zithunzi za ma TV atatu n'kutsindika kuti tigule yachiwiri, yowala kwambiri ija, poti pabalaza pathu pali zenera lalikulu ndipo mpira wambiri umaonetsedwa dzuwa likuswa mtengo. Munalembanso kuti, "Abambo anaimbira mpira moyo wawo wonse, aonere ngati ali m'bwalo momwemo." Nditawawerengera uthengawo anaseka n'kunena kuti, "Mwana uja amandidziwa." Koma anakanitsitsa kusankhiridwa ngati khanda. Anati apita nawo kusitolo, akaone ndi maso awo.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa tili atatu, Abambo, ine ndi alamu anu. Abambo anavala jekete yawo yakuda ija, makiyi ali m'manja, wezulo yakale ija ikulendewera pamenepo monga mwa masiku onse. Pamsewu anthu ankangoti, "A Wezulo, kwagwanji mwatchena chonchi?" Iwo n'kumayankha kuti, "Mwana wanga wanditumizira bwalo la mpira, ndikukalitenga." Alamu anu nawo anali ndi zawo mumtima. Mukuwadziwa ndi mafilimu awo a anthu owomberana mumdima. Njira yonse ankangondinong'oneza kuti mpira ukhoza kuonekanso bwino pa TV ya mafilimu.

Sitolo yake ndi ya pamwamba, yozizira ngati m'firiji. Khoma lonse ma TV okhaokha, onse akuonetsa nsomba zamitundumitundu zikusambira. Anatilandira bambo wina wa taye yofiira, wodziwa kulankhula kuposa ine, ndipo mukudziwa kuti amenewo si mawu amene ndimanena kawirikawiri. Anatiimika patsogolo pa atatu anu aja, ali pamzere umodzi.

Anayamba ndi yoyamba, yopyapyala ngati chikuto cha buku. "Iyi ndi ya mafilimu," anatero. "Kadontho kalikonse pa sikirinipa kamadziyatsa kokha, ndipo pofunika mdima kamazima kokha. Chakuda chimakhala chakuda zenizeni, osati chotuwa. Koma imafuna chipinda chotseka makatani. Komanso, bwana, ngati ndinu a mpira tsiku ndi tsiku, kabokosi ka zigoli kokhala pakona kaja kakakhalitsa kamatha kusiya chipsera." Alamu anu za chipserazo sanamve n'komwe, malovu anali atadzaza kale m'kamwa.

Yachiwiri, yanu ija, anaiwalitsa mpaka ine ndinaphethira. Anati imeneyo dzuwa la pazenera siliigonjetsa, mpira ukamenyedwa mwamphamvu sukoka mchira m'mwamba, ndipo ngakhale wokhala kumapeto kwa sofa amaona mofanana ndi wapakati.

"Nanga iyi?" ndinafunsa, ndikuloza yachitatu.

"Iyi, mayi, ndi ya magemu. Kuwala siifika pa inzakeyi, koma changu chake n'choopsa. Ukangodina batani, munthu wa pa sikirini walumpha kale. Kumbuyo kuli mabowo okwanira olumikizira makina a magemu."

Abambo anangokupiza dzanja. "Za ana izo. Tiikireni mpira."

Bambo wa taye anaika masewero amodzi pa ma TV onse atatu kuti tiyerekeze bwino, mawu akutuluka pa sipika imodzi ya pansi. Abambo anakaima patsogolo pa yachiwiri ija, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, mmene ankaimira pakati pa bwalo tili ana. Patapita kanthawi, wa taye uja anadina rimoti n'kuimitsa chithunzi pa TV imeneyo yokha, akufuna kutionetsa udzu, tsamba lililonse palokha, ndi thukuta pamphumi pa goloboyi. Goloboyi anangoti lende m'malere, mpira uli pafupi ndi zala zake. Enawo ankapitiriza, ndipo wolengeza ankakuwabe pa sipika.

Asanatsegule pakamwa kuti afotokoze, Abambo anayamba.

"Eya! Iyi ndiye TV. Taonani mmene akuthamangira anyamatawa, palibe kugwedera ngakhale pang'ono. Taonani uyo akudutsa pakatiyo!"

Achimwene, pa TV imeneyo panalibe chimene chinkayenda.

Alamu anu anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala, ine n'kuwaponda phazi. Bambo wa taye anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anabisa rimoti kumbuyo, n'kudina, goloboyi n'kugwa pansi ndi mpira wake. "Mwaonatu," anatero, "diso la katswiri silinama." Munthu ameneyo sindimudziwa dzina, koma ndidzamuthokoza mpaka kalekale.

Nditaima pomwepo, zinthu zambiri zinandibwerera nthawi imodzi. Tiyi amene akhala akuthira pambali pa kapu, ine n'kumakalipa kuti ndi ulesi wosafuna kuyatsa getsi. Nyuzipepala imene anasiya kugula, ati yadzaza mabodza. Masokosi osiyana mitundu. Ndi kayang'anidwe kachilendo aka kopendeketsa mutu, kamene ine ndinkati ndi matama a ukalamba. Ndimatha kuona imvi imodzi m'mutu mwa kasitomala ali pakhomo, koma bambo anga ondibala ndimadya nawo tsiku lililonse osaona kanthu. Ndinachita manyazi, ndipo mantha anandigwira.

Ndinauza wa taye kuti tikaganize kaye. Alamu anu ndinawatuma kukaona mafiriji amene sitikuwafuna, ine ndi Abambo n'kukakhala pa benchi ya panja, moyang'anana ndi sitolo ya nsapato.

"Ababa," ndinatero, "chithunzi chija anali ataimitsa."

Anaseweretsa wezulo ija ndi chala. Kenako anati, "Ndinamumva akudina kachiwiri. Ndi munthu waulemu."

"Zinayamba liti?"

"Kale ndithu. Pakati pali chiutsi, ngati wina wapaka chala cha mafuta pa galasi. M'mbalimu ndimaona. Ndikafuna kuona nkhope yako ndimayang'ana phewa lako."

Pamenepo anandiululira kuti ulendo uja anati akupita ku msonkhano wa oimbira mpira opuma, kunali kwa dokotala wa maso. Anapita okha, anabwera okha, n'kudya chakudya chamadzulo akutisimbira za msonkhano umene kunalibe. Ndinawakalipira, ndisaname. Ndinawafunsa ngati ine ndine mlendo m'nyumba muja. Iwo anangoti, "Woimbira akavomera kuti sakuona, masewero athera pomwepo. Zaka zonse zija anthu ankandikuwiza kuti, 'Woimbira alibe maso!' Kani anali aneneri." Tinaseka tonse awiri, anthu odutsa akutiyang'ana, ndipo ine kuseka kwanga kunathera m'misozi.

Lachitatu lapitali ndinawaperekeza kwa dokotalayo kuti ndikadzimvere ndekha, ndiye zimene ndikulembazi si zongomva. Si ng'ala yoti n'kuchotsa. Vuto lili m'kati, kumbuyo kwa diso. Lakumanzere latha. Lakumanja likugwirabe, ndipo munthu akayandikira amamuzindikira nkhope. Mankhwala akhoza kuchedwetsa, koma chimene chapita sichibwerera. Nditafunsa ngati chaka chamawa nthawi ngati ino adzakhala akuzindikirabe nkhope, dokotala anayang'ana pa tebulo n'kunena kuti sangalonjeze.

Ndibwerere pa benchi paja. Abambo anandigwira dzanja n'kuti, "Usamuuze mkulu wako. Ali ndi zake zomulemera kumeneko. Akamva adzangotumiza magalasi apamwamba, mwinanso TV ina yokulirapo." Mawu amenewo anandiwawa m'malo mwanu, ndipo anandiwawa kwambiri chifukwa sindinapeze powatsutsira. Ndinawalonjeza kuti sindikuuzani.

Ndinati basi tizipita, za TV tiziiwale. Anakana. Anaimirira, n'kukonza jekete, n'kulowanso m'sitolo muja, ine ndikutsatira. Anapita molunjika kwa bambo wa taye.

"Ya ana ija, yachitatu. Ana awiri angasewere nthawi imodzi?"

"Ngakhale anayi, bwana."

"Ndikunena ana ozolowera zinthu zabwino, osati ongotengeka ndi chilichonse chowala. Angaikonde?"

"Bwana, mudzachita kuwakoka kuti akadye."

"Mangani imeneyo."

Alamu anu anafika akuthamanga kuchokera ku mafiriji, kukamwa kuli yasa. Wa taye anayesa kuwakumbutsa za zenera lathu, koma Abambo anati makatani alipo. M'galimoto pobwerera, chibokosi chili kumbuyo, ndinawafunsa chimene anachitira zimenezi. Anayankha akuyang'ana kunja.

"Mkulu wako ndikamuitana ine, adzati chaka chamawa, ndipo sadzakhala akunama, ntchito ndi ntchito. Koma mapasa aja akamva kuti kwa agogo kuli TV ya magemu yoposa ya kwawo, adzamusowetsa mtendere mpaka adzabwera nawo. Ukanyamula kamwana ka mbuzi, make amatsatira yekha."

Ndiye chithunzi chija munalandira sabata yatha popanda mawu, cha TV ili pakhoma, anandituma ndi iwo. Anati ndijambule bwino kuti mabowo a kumbuyo aoneke, ndipo ndikuuzeni kuti muonetse ana. Ine kulemba mawuwo kunandikanika. Inu munayankha ndi chala chimodzi choloza m'mwamba, kenako n'kufunsa ngati sitinasokoneze manambala.

TV ili pakhoma pamene panali kalendala. Mpira ukayamba, anzawo a m'dera lino amadzaza pabalaza, ndipo Abambo amakokera mpando wawo pafupi, chakumbali, n'kumatsutsana ndi woimbira ngati kale. Amatsatira wolengeza ndi phokoso la anthu, ndipo palibe mnzawo amene wazindikira. Masana dzuwa likalowa pazenera chithunzi chimafooka ndithu, munkanena zoona. M'mawa uliwonse amaipukuta okha ndi kansalu kofewa kamene wa taye anatipatsa. Anatulutsanso timipando tathu tiwiri tija, timene inu ndi ine tinkakhalira, n'kutiika kutsogolo. Palibe amene amaloledwa kukhalapo.

Achimwene, sindikukuimbani mlandu. Chimwalirireni Amayi simunatisiye, ndipo chilichonse chimene mwatumiza chagwira ntchito m'nyumba muno. Ndikudziwanso kuti ulendo wa anthu anayi si masewera. Koma masiku ano ndakhala ndikuganiza kwambiri za sitolo ija. Tonse tinali kukangana kuti ndi TV iti imene ikuonetsa bwino, inu ndi kuwala kwanu, alamu anu ndi mdima wawo, ndipo palibe amene anafunsa ngati woonerayo akuona. Inenso sindinafunse.

Mukaimba foni ya vidiyo, Abambo n'kumati netiweki yavuta, si netiweki. Foni ndi yaing'ono, nkhope yanu yonse imalowa m'chiutsi muja. Mapasa anabadwa maliro a Amayi atapita, ndipo chiyambire sanawaonepo bwinobwino. Foni ikadulidwa amandifunsa kuti, "Wamkaziyo akufanana ndi ndani?" Ndimawauza kuti ndi Amayi, mphuno ndi kaseko komwe. Amangogwedeza mutu n'kuti, "Ndidzadzionera ndekha."

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Musatumize magalasi, musatumize dokotala wa pa foni, musatumize TV ina. Bwerani, ndipo musadikire chaka chamawa. Mukapemphe tchuthi kwa abwana anuwo, ngati n'kofunika muwawerengere kalata ino. Makina a magemu a anawo musawaiwale, kuti nkhalamba isachite manyazi ndi msampha wake. Mukafika mudzakhale kudzanja lawo lamanja, pafupi, nthawi ya masana. Akadzayang'ana phewa lanu musadzatembenuke kufuna chimene chili kumbuyo kwanu, adzakhala akuyang'ana inuyo.

Ndaswa lonjezo langa kwa iwo, ndipo sindikudandaula. Anadziwa yekha amene anauza Wailesi chinsinsi. Koma chonde musawaonetse kuti mwamva. Asiyeni akhulupirire kuti ndi mapasa amene anakukokani.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chipinda chanu chija ndachotsamo katundu wa ku saluni ndipo ndachapa makatani. Mapasa muwapsompsone m'malo mwa azakhali awo. Alamu anu akupereka moni, ati mafilimu akuonekabe bwino ndithu, asakunamizeni.

Abambo ali pabalaza pomwe ndikulemba pano. Andifunsa chimene ndikulemba nthawi yonseyi, ndawauza kuti ndikukufotokozerani za TV. Akupereka moni wambiri. Ati ndikuuzeni kuti mwachita bwino, mwana wawo, ndipo kuti ikuoneka bwino kwambiri.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Wailesi