Dzina Langa pa Siteji ya Bembeke

Lolemba, 5 Ogasiti 1996

Nyengo ya maukwati ino, koma makina anga osokera angoti zii. Palibe wobwera ndi nsalu. Kuzizira kwakenso.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Kwabwera mayi wa ku Kaphuka akulalata, diresi laukwati la mwana wake lili m'manja. Mkono wina wautali, zipi yokhota. Ati, "A Veronika otchuka aja, ntchito yanu ndi imeneyi?" Ine diresilo sindinalionepo.

Pofunsitsa, akuti atatsika minibasi anafunsa kwa a Veronika atelala, ndipo a Zefaniya oitanira pa siteji aja anawaperekeza pa khonde la alamu anga a Yeremiya, amene nawonso amasoka. Kumeneko anauzidwa kuti ine ndachokapo, asiye nsaluyo.

Yeremiya! Mng'ono wa malemu amuna anga. Sizasi ndinamugwiritsa ndine.

Ukwati ndi Loweruka. Mtsikanayo sanalakwe kanthu, diresi ndalilandira ndilikonze.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndinapita ku siteji. A Zefaniya sanabise n'komwe. "Mayi, alamu anu amandipatsa kangachepe pa aliyense wofunsa dzina lanu. Inu munandipatsapo chiyani?" Ati ndikapitirira pamene amapereka alamuwo, anthu azifika kwanga.

Dzina langa lomwe, ndiligulenso?

Lamulungu, 11 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi ndinawaimitsa alamu. Anayamba n'kuseka. "Alamu, siteji ndi ya aliyense. Ano ndi masiku a matipate." Kenako mawu anatsika: "Ana anayi ine. Otsika basi n'kufunsa za Yeremiya ndi angati?"

Ndinabwera ndi mawu ambiri, koma ndinangoti tsalani.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndawalipira a Zefaniya. Ndinagulitsa tambala. Masana alamu anaonjezera, ine n'kuonjezeranso. A Zefaniya akuyenda ndi chipewa chatsopano.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Abwera osoketsa awiri m'mawa, makina ayambanso kulira.

Chakumasana a Zefaniya anatulukira ndi nkhalamba ina ya ku Lobi, jekete yong'ambika ili kukhwapa. Anandinong'oneza, "Awa amafunsa a Yeremiya. Basela yanu imeneyi."

Nkhalambayo inavula chisoti. "Ndiye pano ndi pa a Yeremiya, mayi?"

Ndinawakokera mpando.

Jeketeyo ili pa makina apa. Sindinaikhudze.