Botolo la Pansi pa Khomo

Amayi, mwaswera bwanji uko muliko?

Ndine Esinati, mwana wanu wouma mutu uja. Musaseke zilembo zopindikazi. Paja kusukulu sindinapondeko, izi ndinaziphunzira ndekha m'buku la nyimbo ndili kale ndi imvi, ndipo palibe anandigwira dzanja. Ndili ndi nkhani yolemera, koma ndiyambe ndi za pamudzi.

Chimanga sichinachite bwino, mbozi zinayamba kudya ife eni ake tisanalawe. Watipulumutsa ndi nandolo. Kalongonda wanu ndikulimabe kumapeto kwa munda, ngakhale ana a masiku ano amati amangotha nkhuni. Ndimawayankha monga munkayankhira inu, kuti wa njala ya msanga asatereke kalongonda. Achimwene a Lufeyo miyendo yawatupa, kutchalitchi timachita kuwakweza pa njinga, koma pakamwa pokha mpomwe paja. Nkhani yokoma ndi yakuti Flora, mdzukulu wanga, wabereka mwana wamwamuna kuchipatala ku Ndunde. Chipumi ndi chanu chenicheni.

Mavuto ayambira pa mwana ameneyu. Kumpingo tsopano ndine mlangizi wa amayi, ndikamalankhula atsikana amagwada, ndipo sindinama, zimandikomera. Tsiku lina pomusambitsa mwanayo ndinapeza kachingwe kakuda m'chiuno mwake, kali ndi chithumwa. Anamumanga ndi apongozi ake a Flora. Ndinati, "Flora, dula ichi. Sungamatsate Yesu mwana wako ali pa chingwe cha sing'anga." Iye anagwada bwinobwino mwaulemu, nati, "Anganga, ndamva. Koma nanga chija chili pansi pa mwala wa pakhomo panu, ndi vesi la m'Baibulo? Mukafukula chanu, ine ndidula changa."

Ndinamuuza kuti mwano wakewo anatengera kwa bambo ake, ndinatenga mpango wanga n'kumapita. Koma Amayi, Flora sananame.

Mukukumbukira sing'anga wa ku Mozambiki uja munamuitana kudzatsirika nyumba ino? Ndinali kamtsikana, ndinaona mukukwirira botolo pakhomo n'kuikapo mwala. Munati, "Esinati, denga udzasinthe, khoma udzagwetse, koma mwala uwu usadzautukule. Ukadzatero, pakhomo pano padzalowa chilichonse." Ndinamvera. Pomanga nyumba ya njerwa zootcha ndinakangana ndi amisiri mpaka khomo analiika pamwala pomwepo. Ndinabatizidwa mumtsinje, mutu wonse kumira, botolo lili pomwepo. Lamulungu lililonse ndakhala ndikulidumpha popita kukapemphera. Sindinkaliona ngati tchimo, ndinkaliona ngati inu.

Ndiye kunabwera mvula ya napolo ija, imene inu simunaione. Phiri linatsika ndi matope ndi miyala, nyumba za anansi zinagwa ife tikuona, ena tinawaika m'manda. Madzi anafika pabwalo langa n'kupatuka. Kutchalitchi ndinaimirira n'kuchitira umboni kuti wandipulumutsa ndi Mulungu. Pobwera ndinaima pamwala paja, mumtima n'kuthokozanso botolo. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinathokoza ndani kwambiri.

Mawu a Flora anandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Lamulungu lapitali unali mgonero, chikho chitafika pa ine ndinangochipatsira mnzanga osamwa. Anthu anatembenuka. Titatuluka abusa anandiitanira pambali, nati, "Mayi, mwayambana ndi ndani?" Ndinati, "Ndi Yesu, abusa, ndipo ndi mlandu wa awiri." Nditawafotokozera anati abwere ndi akulu a mpingo kudzafukula ndi nyimbo. Ndinakana. Sindifuna gulu pakhomo panga, mawa anthu azikanena kumjigo kuti amake Esinati anali mfiti. Simunali mfiti. Munali mayi wamantha amene anaika ana ake angapo m'manda, n'kufuna kuti otsalafe tikule.

Lero m'mawa ndatenga khasu. Ndinaitana Flora yekha kuti aone ndi maso ake, anaima poteropo mwana ali kumsana. Ine amene sindinaopepo mwamuna, njoka ngakhale boma, lero ndinaopa mwala. Mawu anu aja amamveka m'khutu ngati mwaima kumbuyo kwanga. Mwalawo unakana, ndinachita kuupana ndi mpini. Botolo ndinalipeza, laling'ono kuposa mmene ndinkalikumbukira, lotseka ndi chitsononkho, m'kati muli zakuda. Sindinatsegule. Ndinafuna kupemphera pemphero lalitali monga ndimachitira kumsonkhano wa amayi, koma mawu onse anathawa. Ndinangoti, "Ambuye, nyumba ndi iyi."

Mundikhululukire, ndakaliponya m'chimbudzi. Sikukunyozani ayi. Ndimadzidziwa ndekha, ndikanalisiya poti n'kulitolanso, bingu loyamba ndikanalibwezera pamalo pake.

Flora anamutsitsa mwana, n'kudula kachingwe kaja ndi lezala, misozi ili m'maso. Kenako anati, "Anganga, akadwala ndiye titani?" Amayi, pamenepo mpamene mantha enieni anandigwira. Pofukula ndinkaopera nyumba yanga ndi moyo wanga, zinthu zakale zotha ntchito. Tsopano khanda la eni lili lopanda kanthu m'chiuno chifukwa cha pakamwa panga. Likangotentha thupi, apongozi ake adzaloza ine, mudzi wonse udzaloza ine, ndipo inenso ndidzadziloza. Ndinamuyankha kuti tidzathamanga naye kuchipatala tikupemphera m'njira. Ndinayankha mokweza ngati mlangizi.

Ndakhala ndikuuza atsikana kuti ukamvera Ambuye mtima umakhala m'malo. Wanga sunakhale. Kuphiri kwachita mdima, mphepo ikununkha mvula, ndipo chitseko chikangogwedezeka ndikudzidzimuka. Mwana wayetsemula masana ano, ine mtima phaa! Mwina kutsata Yesu n'komweku, kuyenda miyendo ikukana. Sindikudziwa. Ndakalamba ndikuphunzitsa ena njira imene ndayamba kuiponda lero.

Musandikwiyire, Amayi. Sindinataye inu. Chikondi chimene munakwirira nacho botolo lija ndachisunga, ndipo changa pa inu sichinachepe. Ndikukulonjezani kuti dzenjelo ndilikwirira ndi dothi lokhalokha, ndipo zivute zitani, kaya mvula kaya malungo, sindidzaikamo china. Ngati Mwini wakeyo mumaonana naye kumeneko, mundiuzireko kuti khomo la Esinati lili pululu, walisiyira Iye, ndipo asachedwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati